Musathamangire akaunti ya banki yakunja musanachoke kuno

Pa zinthu zonse zomwe munthu wokonzekera kusamukira kunja amada nazo nkhawa, nkhani ya banki imabwera mochedwa, koma ikabwera imamusowetsa tulo. Visa yatuluka, tikiti yagulidwa, abale atsanzikidwa, kenaka mnzake amene ali kale ku UK amamuuza kuti kumeneko malipiro salandirira m'manja, eni nyumba amafuna lendi idutse ku banki, ndipo ngakhale mabasi a mu London adaleka kulandira ndalama zam'manja mu 2014. Apa ndi pomwe pamachokera maganizo oti ndi bwino kutseguliratu akaunti ya kumeneko munthu adakali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, kuti akadzatsika ndege adzapeze zonse zili m'malo mwake. Maganizowa ndi omveka ndipo sindikuwanyoza. Komabe ndikufuna kunena mosabisa kuti kwa Mmalawi wamba, kaya ndi namwino, wophunzira kapena katswiri amene akupita kukagwira ntchito yolipidwa pamwezi, kuthamangira akaunti yakunja asananyamuke kumabweretsa mavuto ambiri kuposa omwe kumathetsa, ndipo mphamvu zomwe amathera pa nkhaniyi zikadapindula kwambiri akadazithera pa akaunti yomwe ali nayo kale kuno kwathu.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe mabanki a ku UK amavutira kutsegulira akaunti munthu amene sadafike. Ambiri amaganiza kuti ndi tsankho chabe, koma gwero lake ndi malamulo. Lamulo la Immigration Act la 2014 lidaletsa mabanki kutsegulira akaunti ya tsiku ndi tsiku munthu amene boma lamupeza kuti akukhala m'dzikomo popanda chilolezo, ndipo lamulo lina la 2016 lidawonjezera kuti aziunikanso ngakhale maakaunti omwe adatsegulidwa kale. Pamwamba pa zimenezi pali malamulo olimbana ndi kuzembetsa ndalama zopezeka mwachinyengo, omwe amakakamiza banki iliyonse kudziwa bwino kasitomala wake, komwe amakhala ndi komwe ndalama zake zimachokera. Izi si zachilendo kwa ife, chifukwa kuno nako, kuchokera pomwe padabwera lamulo la Financial Crimes Act la 2017 komanso ziphaso za unzika, mabanki athu akhala akutiitana kuti tikaonetse chiphaso ndi kufotokoza komwe timakhala, ndipo amene wachedwa amapeza akaunti yake itatsekedwa kwa kanthawi. Banki ya ku Manchester kapena ku Leeds ikamafuna umboni wa adiresi ikuchita zomwezo. Ngakhale mabanki a pafoni monga Monzo ndi Starling, omwe amatchuka chifukwa chotsegula akaunti msanga, amafuna kuti munthu akhale wokhala ku UK, ndipo khadi amalitumiza ku adiresi ya m'dzikomo.

Sindikunena kuti njira zovomerezeka kulibe. Zilipo, koma ndi bwino kuona kuti adazikonzera yani. Mabanki akuluakulu omwe ali ndi nthambi m'mayiko ambiri, monga HSBC, amathandiza kasitomala wawo wa m'dziko lina kutsegula akaunti m'dziko lomwe akupita, koma bankiyi ilibe nthambi ya anthu wamba m'Malawi. Palinso maakaunti a pa zilumba za Jersey ndi Isle of Man, zomwe zili pafupi ndi Britain, komwe ngakhale gulu la Standard Bank lili ndi maofesi, omwe munthu angatsegule ali kwawo n'kumasungamo mapaundi kapena madola. Maakaunti amenewa amafuna kuti munthu asungemo ndalama zochuluka nthawi zonse, apo ayi azilipira chindapusa, ndipo adawakonzera amalonda akuluakulu ndi mabwana oyenda m'mayiko ambiri. Namwino wa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, amene wagulitsa kagalimoto kake kuti alipire mayeso a Chingerezi ndi tikiti, sangapeze mapaundi masauzande oti angowagoneka. Komanso tisaiwale kuti munthu amene adakali wokhala m'Malawi ali pansi pa malamulo a ndalama zakunja omwe Reserve Bank of Malawi imayang'anira, ndipo kutulutsa ndalama m'dziko muno kumayenera kudutsa m'mabanki ovomerezeka ndi zikalata zake. Akaunti yakunja yopanda njira yovomerezeka yoikiramo ndalama ilibe phindu lililonse kwa mwini wake.

Njira yoyera ikakhala yopapatiza chonchi, madobadoba amapeza malonda, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga ukuwawira kwambiri. M'magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook a anthu ofuna ntchito zakunja simusowa wina wolonjeza kuti akutsegulirani akaunti ya ku UK muli kuno, bola mumutumizire chithunzi cha pasipoti, chithunzi cha nkhope yanu ndi kangachepe ka pa Airtel Money kapena Mpamba. Chomwe amachita munthu wotereyu, ngati sadangodya ndalamazo n'kuzimitsa foni, ndi kulembetsa dzina lanu pa adiresi yomwe simudakhalepo, kugwiritsa ntchito nambala ya foni yomwe ili m'manja mwake, ndi kulandira khadi lanu kunyumba kwake. Zikatero akaunti ili m'dzina lanu koma makiyi ake onse ali ndi munthu wina amene simumudziwa. Pa masabata kapena miyezi yomwe mukudikira ulendo, mu akauntiyo mungadutse ndalama zomwe akathyali abera nkhalamba ina ya ku Birmingham, ndipo banki ikadzazindikira, dzina lomwe lidzatuluke pa kompyuta ndi lanu.

Zotsatira zake si zazing'ono. Ku UK kuli bungwe la Cifas, komwe mabanki amalembetsa maina a anthu omwe akhudzidwa ndi chinyengo, ndipo chizindikiro chotere chimatha kukhala pa dzina la munthu mpaka zaka 6. M'zaka zimenezo kumakhala kovuta kutsegula akaunti ina, kutenga foni ya pangongole kapena kubwereka ndalama zogulira nyumba, ndipo olemba ntchito ena amaonanso mndandanda womwewo. Kudutsitsa ndalama zakuba mu akaunti yako ndi mlandu pansi pa lamulo la Proceeds of Crime Act la 2002, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 14 m'ndende. Kwa nzika ya dzikolo zimenezi ndi tsoka lalikulu, koma kwa mlendo amene kukhala kwake kwatsamira pa visa ndi pa kalata ya wolemba ntchito, ndi kutha kwa ulendo wonse. Munthu angathe kutaya zaka zomwe adakonzekera, ngongole zomwe abale adamutengera ndi mbiri yake ya ntchito, chifukwa chofuna kupewa masabata awiri kapena atatu a kudikira.

Palinso njira ina yomwe imaoneka yaulemu chifukwa ndi ya pachibale: kupereka kwa abwana nambala ya akaunti ya msuweni kapena mlamu amene ali kale kumeneko, kuti malipiro oyamba alowe mmenemo. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amatero, ndipo ambiri omwe amabwereketsa akaunti zawo amachita zimenezi ndi mtima wabwino. Koma olemba ntchito ambiri amafuna akaunti ya m'dzina la wantchito mwiniwake, ndipo ngakhale atalola, mchitidwewu umamana mlendoyo chinthu chomwe akuchisowa kwambiri, chomwe ndi mbiri yakeyake ya ndalama. Mwini nyumba akadzafuna umboni woti mumalandira malipiro, kapena mukadzafuna kuitanitsa banja lanu, sitetimenti yomwe idzafunike ndi ya dzina lanu. Nayenso mwini akauntiyo amadziika pachiswe, chifukwa banki ikaona malipiro a munthu wina akulowa mwa iye imatha kufunsa mafunso kapena kuimitsa akauntiyo, ndipo ubale wambiri wa Amalawi akunja wasokonekera pa nkhani za ndalama zomwe zidalowa mu akaunti ya wina n'kutuluka zosakwana.

Chomwe ambiri sadziwa ndi chakuti ngakhale boma la UK lenilenilo silifuna kuti wopempha visa akhale ndi akaunti ya kumeneko. Wopempha visa ya Skilled Worker, kuphatikizapo ya ogwira ntchito zaumoyo, amayenera kuonetsa kuti ali ndi mapaundi 1,270 omwe akhala mu akaunti yake masiku 28 otsatizana, ndipo tsiku lomaliza la masiku amenewo lisapitirire masiku 31 kuchokera pa tsiku lopempha visa, pokhapokha ngati wolemba ntchito walemba kuti adzamusamalira mwezi woyamba. Wophunzira amaonetsa ndalama zambiri kuposa pamenepa, zokwanira fizi ndi zodyera za miyezi mpaka 9, koma lamulo la masiku 28 ndi lomwelo. Ndalamazi zingathe kukhala makwacha mu banki ya kuno yovomerezeka ndi Reserve Bank, ndipo a Home Office, unduna wa boma la UK woona za anthu olowa m'dzikomo, amaziwerengera m'mapaundi pa mtengo wa tsiku lomwe mwapempha. Choncho pepala lofunika kwambiri pa ulendo wonse ndi sitetimenti ya ku National Bank, Standard Bank, NBS, FDH kapena banki ina iliyonse yomwe mumasungako ndalama kuno.

Pa nkhani ya sitetimentiyi pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti usiku umodzi. Munthu amene adasunga makwacha ongokwanira ndendende mapaundi ofunikawo akadadzuka m'mawa mwake ali wopereweredwa, ndipo masiku 28 aja akadayambiranso pachiyambi. Ndi nzeru kusunga zopitirirapo ndithu, kapena kufunsa banki yanu ngati mungayenerere akaunti ya ndalama zakunja ya konkuno. Chachiwiri ndi chizolowezi chobwereka ndalama kwa akatapila kuti sitetimenti ioneke yonenepa, n'kuzibweza visa ikangotuluka. Ndalama za pa sitetimenti zimayenera kukhala zanu zenizeni zoti mukadyere, ndipo munthu amene wazibweza amakafika kunja ali chimanjamanja, ali kale ndi ngongole ya chiwongoladzanja, pa nthawi yomwe akusowa ndalama kuposa nthawi ina iliyonse.

Pali ntchito inanso ya ku banki yomwe ingachitike kuno kokha, ndipo ndi yomwe anthu amaiwala pothamangira za kunja. Akaunti yanu ya ku Malawi idzakhalabe yofunika mukachoka: mmenemo ndi momwe mudzalowe ndalama zomangira nyumba, za fizi ya abale ndi za chithandizo cha makolo. Musanakwere ndege pitani ku nthambi yanu mukawauze kuti mukusamuka, mukafunse za akaunti za anthu okhala kunja zomwe mabanki athu ambiri ali nazo tsopano, mukalembetse imelo yomwe mudzaigwiritsebe ntchito, ndipo mukaonetsetse kuti chiphaso chanu cha unzika sichitha msanga. Ganiziraninso za nambala ya foni. Manambala achinsinsi otsimikizira kuti ndinudi amene mukutumiza ndalama amabwera pa nambala ya TNM kapena Airtel yomwe mudalembetsa, ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imailanda n'kuipereka kwa wina. Akaunti nayonso ikakhala osayenda imagonekedwa, ndipo kuidzutsa muli ku Glasgow ndi ntchito yowawa kuposa kuikonza muli pa mzere ku Old Town kapena ku Limbe. Ngati mukufuna kusiyira m'bale mphamvu pa akauntiyo, chitani zimenezo ndi zikalata za ku banki, osati pongomusiyira khadi ndi nambala yake yachinsinsi.

Tsopano ndibwere kwa amene angatsutse maganizo anga, chifukwa ali ndi mfundo yolemera. Iye anganene kuti masabata oyamba kunja ndi ovuta kwambiri kwa munthu wopanda akaunti, ndipo akunena zoona. Malipiro ambiri amabwera kumapeto kwa mwezi, pomwe mwini nyumba amafuna lendi ya mwezi woyamba ndi ndalama ya chikole, yomwe ku England imatha kufika pa lendi ya masabata 5. Pali kuzungulira kodziwika bwino komwe kumatopetsa aliyense wobwera kumene: banki ikufuna adiresi, mwini nyumba akufuna akaunti, ndipo mlendo ali pakati. Kuwonjezera apo, chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja m'dziko muno, makadi a Visa a mabanki athu amakhala ndi malire ochepa akagwiritsidwa ntchito kunja, ndipo kupeza mapaundi kapena madola ku banki pa mtengo wa boma kumafuna kudikira, pomwe pa msika wosavomerezeka mtengo umakhala wokwera kwambiri. Vutoli ndi lenileni. Chomwe ndikukana ndi chakuti mankhwala ake ndi akaunti yotsegulidwa mwachinyengo kapena yobwereka.

Mankhwala ake ndi zikalata ndi kukonzekera. Musananyamuke pemphani wolemba ntchito kuti akulembereni kalata ya pa pepala la kampani yotsimikiza dzina lanu, ntchito yanu, malipiro anu ndi komwe mukakhale, ndipo mufunseni mwachindunji ngati ali ndi banki yomwe amagwira nayo ntchito. Zipatala zambiri za NHS, zomwe ndi zipatala za boma ku UK, zomwe zimalandira anamwino ochokera kunja zimawapatsa malo ogona a masabata oyamba ndi kuwathandiza kutsegula akaunti, ndipo mayunivesite amapereka kalata yopita nayo ku banki wophunzira akangolembetsa. Mabanki ena amalola wophunzira kapena wantchito kuyamba kudzaza mafomu asanafike n'kudzamalizitsa atafika, ndipo ngati yunivesite kapena abwana anu akulozerani njira yotere, itsateni, chifukwa ndi yoyera ndipo mukuchita nokha pa tsamba la bankiyo. Kumbukiraninso kuti makadi a BRP, omwe ankaonetsa chilolezo cha mlendo chokhalira ku UK, adatha ntchito kumapeto kwa 2024 ndipo chilolezo chokhalira m'dzikomo tsopano ndi eVisa ya pa intaneti, choncho konzani akaunti yanu ya pa intaneti ya UKVI, nthambi ya boma la UK yoona za ma visa, ndi kuphunzira kutulutsa nambala yomwe banki, abwana ndi mwini nyumba amaonera chilolezo chanu. Ndalama zodyera masabata oyamba gulani ku banki kapena ku malo osinthira ndalama ovomerezeka, yambani kupempha msanga ndi visa ndi tikiti m'manja, ndipo sungani malisiti. Amene wanyamula ndalama zokwana mapaundi 10,000 kapena kuposerapo ayenera kuziulula polowa ku Britain, ngakhale ochepa mwa ife ndi omwe angafike pamenepo.

Mukafika ndi kupeza pogona, akaunti ya pafoni imatha kutseguka m'masiku ochepa, ndipo mabanki akuluakulu 9 a ku UK amakakamizidwa ndi lamulo kupereka akaunti yaulere ya zofunika zokha kwa munthu wokhala m'dzikomo movomerezeka amene sangayenerere akaunti wamba. Akaunti yotereyi ilibe mwayi wa ngongole, koma imalandira malipiro, ili ndi khadi, ndipo imalipira mabilu, zomwe ndi zokwanira kwa mwezi woyamba. Pano ndiwonjezerepo chenjezo limodzi. Si kampani iliyonse yokhala ndi khadi lokongola yomwe ili banki. Monzo ndi Starling ndi mabanki enieni, ndipo ndalama zosungidwa mmenemo zimatetezedwa ndi ndondomeko ya FSCS, yomwe imabwezera makasitomala ndalama zawo mpaka pa malire ake banki ikagwa. Wise, yomwe ambiri amaikonda posintha ndi kutumiza ndalama, imayendetsedwa ndi malamulo ena ndipo ilibe chitetezo chimenecho, ngakhale imakakamizidwa kusunga ndalama za makasitomala padera. Ndi yothandiza podutsitsa ndalama, koma malipiro ndi zosunga zanu ndi bwino zikhale mu banki yeniyeni.

Kwa abale athu opita ku Joni nkhani ndi yofanana, kungoti ndi yowawa kwambiri. Mabanki a ku South Africa, potsatira lamulo lawo la FICA lolimbana ndi kuzembetsa ndalama zachinyengo, amafuna pasipoti ndi chilolezo chokhalira kapena chogwirira ntchito, pomwe Amalawi ambiri amalowa ndi masiku 30 a mlendo. N'chifukwa chake ambiri amalandira m'manja n'kumatumiza kwawo kudzera ku Mukuru ndi makampani ena otere, ndipo ena amagwa m'manja mwa ogulitsa mapepala abodza. Kumeneko vuto lenileni ndi chilolezo, ndipo palibe akaunti yotsegulidwa ali kuno yomwe ingalowe m'malo mwake.

Sindingasiye nkhaniyi pa mapewa a apaulendo okha, chifukwa mbali ina ya vutoli ili ndi mabungwe athu. Dziko lomwe likulira ndalama zakunja, ndipo likuyembekezera kuti ana ake okhala kunja azitumiza mapaundi, madola ndi marandi kudzera m'njira zovomerezeka, liyenera kumusamala munthu pa tsiku lomwe akuchoka. Namwino kapena wophunzira amene ali ndi visa, tikiti ndi kalata ya ntchito m'manja sayenera kumayenda masabata ambiri kufunafuna mapaundi ochepa odyera mwezi woyamba, mpaka kukathera kwa osintha ndalama a m'misewu. Ndikupempha Reserve Bank ndi mabanki athu kuti akhazikitse ndondomeko yomveka ya anthu osamuka movomerezeka: gawo lodziwika la ndalama zakunja loperekedwa msanga kwa amene waonetsa zikalata, khadi lomwe lingagwire ntchito kunja kwa masiku 60 oyamba popanda malire opanikiza, kalata ya banki yotsimikiza mbiri ya kasitomala yomwe angakaonetse kunja, ndi njira yosinthira nambala ya foni ya pa akaunti popanda kubwera ku nthambi. Mabanki omwe akutsatsa maakaunti a anthu okhala kunja angapeze makasitomala ambiri okhulupirika atayamba kuwathandiza akadali pa mzere wa ku nthambi ndi pasipoti m'manja, mwezi umodzi ulendo usanachitike.